Katniss anali mtsogoleri kapena chikwangwani cha District 13?

Namaluwa22
Anzanga ndithandizeni maganizo, nkhani iyi yandisowetsa tulo. Mng'ono wanga ali Fomu 3 ndipo holide yonseyi takhala tikuwerengera limodzi mabuku atatu aja a Suzanne Collins, The Hunger Games, Catching Fire ndi Mockingjay, ndinawatola pa mulu wa mabuku akale omwe amayala m'mbali mwa msewu ku Limbe. Dzulo tamaliza lachitatu. Mwanayu atatseka buku anangoti duu, kenako nkundifunsa kuti asisi, ndiye kuti anthu a ku District 13 aja, chigawo cha oukira boma chija, Katniss sankamukonda eti, ankangofuna nkhope yake basi? Ine kukamwa kunangoti gwa. Mafilimu ake ndinaonera kalekale ndipo m'mutu mwanga munatsala zoti Katniss ndi amene anatsogolera nkhondo yogwetsa Pulezidenti Snow, koma powerenga pano ndikuona kuti mapulani akuluakulu onse ankapanga ndi ena, iye ankangomuveka zovala, kumuphoda kumaso nkumuimika kutsogolo kwa kamera. Nde funso langa ndi ili, m'nkhani zopeka zimenezi za dziko la m'tsogolo lomwe boma lasandutsa anthu ake akapolo, nchifukwa chani oukira boma amafunafuna mtsikana woti akhale chizindikiro chawo? Ndipo akamamugwiritsa ntchito choncho akusiyana pati ndi boma lomwe akulimbana nalolo?

Gologolo_Mtengo
Chonde musaulule mathero, ena tili pakati pa buku lachiwiri.

Tsabola_Wakale
Achimwene buku lachitatu linatuluka 2010, filimu yake yomaliza 2015. Tulukani kaye mukamalize mubwerenso, nkhani iyi singakambike osatchula mathero.

Kalulu_wa_Joni
Asisi ine pamenepo ndikukana. Akusiyana pati mukutero? Boma la Capitol chaka chilichonse limatenga ana 24, awiri m'chigawo chilichonse, kuwatsekera m'bwalo kuti aphane mpaka atsale mmodzi, anthu akuonera pa TV ngati mpira, ndipo zachitika zaka zoposa 70. District 13 inamujambula mavidiyo. Zimenezi nzofanana? Nkhondo iliyonse imafuna mbendera. Anthu a m'zigawo zija samadziwana, samayenderana, wa kumigodi ya malasha sadziwa zomwe wa kuminda akuganiza, chinthu chokha chomwe onse anachionapo ndi mtsikana amene anadzipereka m'malo mwa mng'ono wake. Mukanakhala inu Coin, mtsogoleri wa District 13, mukanamusiya azingokhala m'kabati akulira anthu akufa kunja? Walira mvula walira matope.

Aphunzitsi_Opuma
Ndiloleni ndiyambire kumbuyo pang'ono chifukwa funso la mwanayu ndi lakuya kuposa mmene tikulionera. Choyamba tivomerezane kuti District 13 sinapange chizindikiro chimenechi, inachipeza chapsa kale. Katniss ali ndi zaka 16 pomwe akufuula kuti apita iye m'malo mwa mng'ono wake Prim wa zaka 12, sakuganiza za ndale ngakhale pang'ono. Pomwe Rue, kamtsikana komwe anagwirizana nako m'bwalo, wafa nkumukuta ndi maluwa, chomwe chili mumtima mwake ndi chakuti mwana uyu asanyamulidwe ngati nyama. Anthu a ku District 11 kwawo kwa Rue ndi omwe anasonkha tindalama tawo nkumutumizira buledi m'bwalo muja. Tizipatso tapoizoni tija, tomwe iye ndi Peeta, mnyamata wa kwawo ku District 12, anafuna kudya kuti afere limodzi, analinso maganizo a mphindi yomweyo. M'buku lachiwiri, pa ulendo woyendera zigawo, mdala uja wa ku District 11 anaimba mluzu wa Rue, khamu lonse nkukweza zala zitatu, asilikali anamukokera kutsogolo nkumuombera m'mutu. Palibe wa ku 13 amene anamutuma mdala ameneyu. Ngakhale akazi awiri aja othawa ku District 8, Bonnie ndi Twill, anamuonetsa kabisiketi kodindidwa mbalame ya mockingjay, chizindikiro cha oukira, iye asakudziwa nkomwe kuti wasanduka chani kunjaku. Ndiye a Coin ndi a Plutarch, wokonza masewera a Capitol amene mobisa anali mbali ya oukira, anabwera kudzakolola pomwe sanalime.

Chachiwiri ndi chomwe chimandipweteka. Pulani yomutulutsa m'bwalo pa masewera a nambala 75 ankaidziwa Plutarch, Haymitch mlangizi wake, ndipo ena mwa omwe analowa naye monga Finnick, Johanna ndi Beetee anauzidwako mbali zake. Anthu anavomera kufa kuti iye akhale moyo. Mwini wakeyo ndi Peeta sanauzidwe kanthu. Johanna akumucheka pamkono kuti achotse kachipangizo komulondolera kaja, iye akuganiza kuti akumupha. Atadzuka m'ndege anapeza kuti Peeta amusiya m'manja mwa Snow, kwawo ku 12 kwasanduka phulusa. Munthu amene umamutenga ngati mnzako pa nkhondo sumubisira chotere. Amene umamubisira chotere ndi katundu wodula amene ukuopa kuti angasweke.

Kalulu_wa_Joni
Aphunzitsi akanamuuza bwenzi Snow atadziwa tsiku lomwelo, mtsikana uja satha kunama. Ndipo Haymitch anafotokoza kuti amadziwa kuti akagwidwa oyamba kufunsidwa adzakhala iye ndi Peeta.

Aphunzitsi_Opuma
Zoona mwana wanga, chifukwa chake chinalipo. Koma taonani kuti chifukwa chimenechi sichitha, mawa kumabweranso china chomubisira. Ndi mmene munthu amasandukira chipangizo, aliyense amene akumugwiritsa ntchito ali ndi chifukwa chomveka.

Chiphadzuwa_BT
Ine malo omwe anandigwira mtima ndi mu situdiyo muja. Amuveka zovala zankhondo zomwe Cinna, wosoka zovala zake, anasiya atajambula asanaphedwe, amuphoda, ayika utsi wabodza kumbuyo, nkumupatsa mawu oti aloweze afuule. Zinakanika mpaka Haymitch kuseka pa sipika. Kenako anawasonkhanitsa onse nkuwafunsa kuti aliyense atchule nthawi imodzi yomwe Katniss anamukhudza mtima payekha, wina anati pomwe anadzipereka m'malo mwa Prim, wina anati pomwe anamuimbira Rue, ndipo zonse zinapezeka kuti ndi nthawi zomwe palibe anamuuza chochita. Poyamba ndinkaona ngati apa ndi pomwe akumulemekeza. Nditawerenganso ndinachita mantha, chifukwa phunziro lomwe anatolapo ndi lakuti misozi yake yeniyeni ndi imene imagulitsa, nde tiyeni timupititse komwe akalire zenizeni kamera ikujambula. Ndi mmene anapezekera ku chipatala cha ku District 8 chija, anthu ovulala ali mbwee pansi akumugwira manja, atangotuluka ndege za Capitol nkuphulitsa chipatalacho ndi odwala onse mkati, Cressida wotsogolera ojambula ali pompo kumufunsa ngati ali ndi mawu oti auze anthu. Vidiyo yake inatuluka usiku womwewo atayikonzakonza bwinobwino.

Mlonda_Usiku
Koma musamuchepetse mtsikanayu ngati chidole. Ku District 8 komweko Haymitch ankamuuza kuti abisale, iye anazula kachomvera m'khutu nkukwera padenga ndi mnzake Gale kukagwetsa ndege ndi uta wake. Ndipo asanavomere udindo uja analemba zofuna zake papepala, mphaka wa Prim asathamangitsidwe, azipita kosaka ndi Gale, Peeta ndi anzake ogwidwa adzakhululukidwe, ndipo Snow adzamuphe yekha. Anamukakamiza Coin kulengeza za chikhululukirocho pamaso pa anthu onse. Chidole sichichita malonda.

Chiphadzuwa_BT
Eya koma mukukumbuka zomwe Coin anawonjezera polengezapo? Anati Katniss akangopatuka pang'ono pa ntchito yake pangano lonse lafa, iyenso pamodzi ndi anzakewo adzaweruzidwa ndi malamulo a 13. Ndiye kuti moyo wa Peeta unasanduka chingwe chomumangira. Snow ankamumanga ndi Prim ndi Gale, Coin akumumanga ndi Peeta. Chingwe nchomwecho, wagwira ndi wina.

Mayi_a_Mapasa
Pepani ndilowetsepo nkhani yanga, mabukuwa sindinawerenge ndinangoonera mafilimu ndi ana, koma zomwe mukukambazi ndinazilawa. Ndili Sitandade 8 kumudzi kwathu kunabwera bungwe lina loona za maphunziro a atsikana, dzina sinditchula. Anasankha ine chifukwa bambo anali atamwalira ndipo ndinkakhoza m'kalasi. Tsiku lojambula ndinavala diresi langa la kutchalitchi, mayi anachita kulisita ndi ayironi yamakala mbandakucha. Atafika anati ayi, vala yunifolomu yakale ija, yong'ambika paphewa, nsapato uvule. Anandiimika pakhomo pa khitchini yathu yaudzu ndi kope m'manja. Mayi wina amene ankamasulira anandifunsa za bambo mobwerezabwereza mpaka ndinalira, ndipo ndinamva kamera ikuti tcha tcha tcha nthawi imeneyo. Chithunzi chimenecho chinakhala pa makalendala ndi pa chinsalu chachikulu pa misonkhano yawo. Fizi anandilipirira Fomu 1 ndi Fomu 2, sindikana, popanda iwo mwina sindikanaponda ku sekondale. Kenako anati pulojekiti yatha. Fomu 3 ndi 4 mayi anagulitsa mbuzi zonse ndi kukazinga zitumbuwa. Patapita zaka ndili kale pantchito ndinalowa mu ofesi ina mtauni nkupeza nkhope yanga ikadali pakhoma, yopanda nsapato, pansi atalemba mawu omwe ine sindinayankhulepo. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, mlembi wa pa desiki sanandizindikire nkomwe. Nde pomwe ndinaona mufilimu muja akumukonza tsitsi Katniss anthu akukambirana za nkhope yake ngati iye palibe, ndinatuluka panja kaye.

Namaluwa22
Amayi zikomo potikhulupirira ndi nkhani imeneyi. Ndamuwerengera mng'ono wanga, wangoti zii.

Kalulu_wa_Joni
Amayi pepani kwambiri. Koma mwanena nokha kuti popanda iwo simukanaponda ku sekondale, ndipo mwina chithunzi chanucho chinalipirira atsikana ena ambiri. Ndi zomwe ndikunena ine, chinthu chitha kukhala chopweteka koma chothandiza.

Mayi_a_Mapasa
Achimwene ndikanavomera ndithu akanandifunsa. Ndikanavomera ngakhale kuvula nsapatozo. Chomwe chinandiwawa nchakuti palibe anandifunsa, ndipo atamaliza palibe anabwera kudzaona kuti mwana uja anathera kuti.

Bwande_LL
Ine funso langa ndi lina, Gale anamulakwira chani mtsikana ameneyu? Mnyamata anadyetsa banja lake nthawi yonse ali m'bwalo, anapulumutsa anthu a ku 12 usiku wa mabomba kuphatikizapo Prim ndi mayi ake, mapeto ake Katniss akukwatiwa ndi Peeta wophika buledi.

Tsabola_Wakale
Bomba lomwe linapha Prim linali la mtundu womwe Gale ndi Beetee anapanga, lophulika kawiri, koyamba kuvulaza, kachiwiri kupha obwera kudzathandiza. Inu mungagone nyumba imodzi ndi munthu ameneyo?

Bwande_LL
Sanaponye ndi iye.

Tsabola_Wakale
Iye mwini atafunsidwa anati sakudziwa ngati linali lake. Zokwanira.

Nyenyezi_Mzuzu
Mwayambatu za Peeta ndi Gale, apa tikhala mpaka mawa. Ine ndingodandaula kuti mafilimu anachotsa Madge, mwana wa meya uja amene anamupatsa kabaji ka mbalame. Mufilimu akungokatola pamsika. Zimasintha zambiri, chifukwa m'buku kabajiko kanali ka azakhali ake a Madge omwe anafera m'bwalo momwemo chaka chomwe Haymitch anapambana. Ndiye ngakhale chizindikirocho chinachokera kwa mtsikana wina amene anafa anthu nkumuiwala.

Gologolo_Mtengo
Ndabwerera, ndalephera kupirira. Pitirizani basi, ndiwerengabe.

Nkhwazi_Leeds
Tibwerere ku funso loyamba la asisi, loti nchifukwa chani amafuna mtsikana. Ine ndimaona kuti olemba nkhanizi sakupeka kuchokera mumlengalenga, akutengera zomwe anthu akhala akuchita. Joan of Arc anali mtsikana wakumudzi wa zaka pafupifupi 17 pomwe anatsogolera asilikali a France ku Orléans mu 1429, chaka chomwecho Charles VII nkuvekedwa ufumu ku Reims iye ataima pambali. Mu 1430 anagwidwa, anagulitsidwa kwa Angerezi, pa 30 May 1431 anamuotcha ku Rouen. Mfumu imene anayiika pampando ija sinamuwombole. Lero zipilala zake zili ponseponse ku France ndipo magulu andale osiyanasiyana amamukanganirana.

Mtsikana amathandiza gulu loukira m'njira yomwe mwamuna wa mfuti sangathe. Mwamuna akaima kutsogolo anthu amafunsa kuti akufuna mpando eti. Mtsikana wamng'ono akaima anthu amaona mwana wawo, amachita manyazi kuti mwana akulimba mtima ife akuluakulu tili phee, ndipo boma likamukhudza limaoneka chilombo pamaso pa dziko lonse. Komanso, ndipo apa ndi pobisika, atsogoleri amaganiza kuti nkhondo ikatha mtsikana sadzapempha gawo lake, adzabwerera kunyumba.

Ndipo amachita kusankha ngati tomato pamsika. Ku Montgomery ku America, pa 2 March 1955 mtsikana wa zaka 15, Claudette Colvin, anakana kupereka mpando wake m'basi kwa mzungu ndipo anamangidwa. Panali miyezi 9 Rosa Parks asanachite zomwezo pa 1 December. Atsogoleri sanamuike kutsogolo Colvin, ankamuona kuti ndi mwana, ndipo pambuyo pake anakhala ndi pakati asali pabanja. Parks anali mayi wa zaka 42, mlembi wa nthambi ya NAACP, bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda, munthu woti palibe angamutole chifukwa. Sindikuchepetsa Parks ayi, anali womenya nkhondo weniweni wa zaka zambiri. Koma Colvin anali mmodzi mwa omwe anakasuma mlandu umene unathetsa tsankho m'mabasi mu 1956, ndipo dzina lake anthu ambiri analimva atakalamba kale. Mu Mockingjay namonso zili choncho, Coin ankafuna kuti m'bwalo muja apulumutse Peeta chifukwa ndi wodziwa kuyankhula, Katniss anali chisankho cha ena.

Sekuru_Mbare
Kuno ku Zimbabwe tili ndi Mbuya Nehanda, mayi wa mizimu amene analimbikitsa kuukira atsamunda. Azungu anamupachika mu 1898, ndipo nkhondo ya m'ma 1970 inayenda ndi dzina lake m'nyimbo ndi m'malumbiro. Mu 2021 anamuimikira chipilala pakati pa Harare. Ine ndinakulira m'nyumba ya bambo ochokera ku Dedza koma dzina limeneli ndinalidziwa ndisanadziwe kulemba langa. Chomwe ndaona pa ukalamba wanga nchakuti womwalira satsutsa. Aliyense amamuyankhulira zomwe akufuna.

Aphunzitsi_Opuma
Agogo mwalasa pamtima pa buku lachitatu. Kumbukirani kuti nkhondo ili pafupi kutha Coin anatumiza Peeta ku gulu la Katniss la 451, akudziwa bwino kuti Capitol inamusokoneza mutu ndi ululu wa mavu aja mpaka anafuna kumupotokola khosi tsiku loyamba kukumana. Boggs, msilikali wa Coin yemwe, ndi amene anamumasulira. Anamufunsa kuti nkhondo ikatha pakakhala chisankho udzaima ndi ndani, ndipo ngati yankho lako silikubwera msanga kuti Coin ndiye kuti ndiwe chiopsezo. Zigawo zagwirizana kale, ntchito yako yatha, chomwe chatsala choti ungapereke ndi imfa yako kuti asilikali akhale ndi womufera. Ndipo zinaonekadi, Capitol italengeza molakwika kuti Katniss wafa, Coin analowerera pa TV pompo nkuyamba kumulira ndi mawu okoma, chithunzi chake chili kumbuyo ndi malawi a moto. Mwini wake akuonera ali moyo m'nyumba ya eni ake momwe anabisala.

Kalulu_wa_Joni
Chabwino pa Coin ndagonja, mayi uja anali njoka. Koma Coin si gulu lonse. Boggs anafa akumuteteza ndipo anamusiyira iye kamakina ka mapu kaja m'malo mopatsa wachiwiri wake. Finnick anafera m'ngalande za pansi pa mzinda. Cinna anadziwa kuti diresi laukwati lija likasanduka mbalame pamaso pa dziko lonse iye wapita, anasokabe. Anthu amenewa ankamukonda ndithu. Mng'ono wanu mumuuze zimenezonso asisi, asatsale ndi zoti aliyense amene akuti tiyeni timenyere ufulu ndi wakuba.

Namaluwa22
Pamenepo ndikugwirizana nanu achimwene. Ngakhale Cinnayo amandivutabe, chifukwa anajambula zovala za Mockingjay mtsikanayo asanavomere, ngakhale anapempha kuti asamuonetse mpaka atasankha yekha. Ankamukonda koma nayenso anamuonera patali kuti adzakhala chani.

Chiphadzuwa_BT
Si Hunger Games yokha. Mu The Testaments ya Margaret Atwood, ya 2019, muli Baby Nicole, khanda lomwe linazembetsedwa kuchoka ku Gilead, dziko lopeka lopondereza akazi, kupita ku Canada. Boma la Gilead linapachika chithunzi chake paliponse ngati mwana wobedwa woti anthu azimupempherera, otsutsa ku Canada nawonso amachinyamula pa zionetsero. Mwanayo akukula ndi dzina lakuti Daisy, mpaka kusukulu analembapo za Baby Nicole osadziwa kuti ndi iye. Atangouzidwa, a Mayday, gulu loukira boma la Gilead, anamutumiza kulowa ku Gilead komweko. Mbali zonse ziwiri zinkagwiritsa ntchito chithunzi chimodzi cha khanda.

Nyenyezi_Mzuzu
Inu mukukumbuka mtsikana wa ku Sudan uja wa chovala choyera ataima pamwamba pa galimoto chala m'mwamba? Alaa Salah, April 2019 ku Khartoum, patangopita masiku ochepa Pulezidenti Bashir anachotsedwa. Chithunzi chinazungulira dziko lonse. October chaka chomwecho anakayankhula ku Security Council ya UN ndipo dandaulo lake linali lakuti amayi omwe anadzaza misewu anakankhidwira pambali nthawi yokambirana za boma latsopano itakwana. Pamsewu kutsogolo, patebulo kumbuyo.

Mlonda_Usiku
Nafenso tisaloze kutali, tulutsani K200 m'thumba muone nkhope ya Rose Chibambo. Anasonkhanitsa amayi nthawi ya Nyasaland African Congress, mu 1959 anamangidwa atangobereka kumene nkulowa m'ndende ndi khanda, 1964 pa mkangano wa nduna uja anachotsedwa, 1965 nkuthawira ku Zambia, anabwerera 1994. Pa ndalama anaikidwa 2012.

Aphunzitsi_Opuma
Zoona, koma tisamale pang'ono. Mayi Chibambo sanali mtsikana wotoledwa kuti aime pa kamera, anali mtsogoleri wokonza zinthu yekha, ndipo anachotsedwa chifukwa anayankhula maganizo ake. Pofanana ndi nkhani yathu ndi pamenepo pokha, kuti mayi akakhala ndi mawu akeake amayamba kulemera m'manja mwa omwe ankamuombera m'manja.

Bwande_LL
Ine chomwe sindimvetsa ndi voti ija. Coin akuti tichite masewera omaliza ndi ana a ku Capitol, Peeta akukana, Annie akukana, Beetee akukana, Katniss amene wavutika ndi masewerawa kawiri konse akuti eya chifukwa cha Prim. Apa ndiye anandikhumudwitsa.

Tsabola_Wakale
Inali nyambo. Akanakana, Coin akanadziwa kuti mtsikanayu wamutulukira ndipo uta uja sakanaupatsidwa. Nchifukwa chake Haymitch anamuyang'ana kaye nkunena kuti ali mbali ya Mockingjay. Anamvana osayankhula.

Nkhwazi_Leeds
Buku silinena poyera, nde aliyense amawerenga mmene akuonera, koma nanenso ndili kwa a Tsabola. Taonani mmene tsiku lija linakonzedwera. Amuphodanso, amuveka zovala za Mockingjay komaliza, amupatsa muvi umodzi wokha, Snow wamangidwa pamtengo pafupi kwambiri poti ngakhale mwana sangaphonye, Coin ali pakhonde pamwamba, makamera onse ali tcheru. Imeneyi inali vidiyo yomaliza, chizindikiro chikupereka dziko m'manja mwa mwini watsopano. Iye anakweza uta pang'ono nkulasa Coin. Kwa ine m'mabuku onse atatu ndi nthawi yokhayi pomwe anagwiritsa ntchito udindo uja pa zofuna zomwe palibe wamkulu aliyense anamukonzera. Ndipo anafika pamenepo chifukwa Paylor, mkulu wa asilikali oukira a ku District 8, anamulola kulowa m'munda wa maluwa momwe Snow ankasungidwa, Snow nkumuuza kuti timaparachuti tija tinaphulikira ana pakhomo pake sanatumize ndi iye, akanakhala ndi ndege akanathawiramo.

Chiphadzuwa_BT
Ndipo onani zomwe anamuchita atatero. Mlandu wake unazengedwa iye kulibe, ali yekha m'chipinda chotsekedwa, dokotala Aurelius nkuchitira umboni kuti mutu wake unasokonekera ndi nkhondo. Palibe anati mwina mtsikanayu anaona zoona. Anamubweza ku phulusa la ku 12. M'ndege popita Plutarch, amene pano ndi mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma latsopano, akumufunsa ngati angadzaimbe nawo pa pulogalamu yatsopano ya nyimbo. Munthu amene ankakonza masewera a Snow, nkukonza mavidiyo a Coin, akadali pa ntchito yomweyo.

Kalulu_wa_Joni
Komabe masewera anatha, Paylor anasankhidwa ndi voti, ana ake a Katniss anakula osaopa kuti dzina lawo litoledwa m'mbale. Mavidiyo aja akanapanda kuulutsidwa zigawo sizikanadzuka limodzi. Ndipo kunja kuno chizindikirocho chinagwira ntchito, ku Thailand asilikali atalanda boma mu 2014 achinyamata ankakweza zala zitatu mpaka ena kumangidwa, ku Myanmar mu 2021 chimodzimodzi. Ine sindingauze anthu amenewo kuti chizindikiro nchachabe.

Aphunzitsi_Opuma
Palibe wanena kuti nchachabe mwana wanga. Collins mwini wake anafotokoza kuti maganizo a nkhaniyi anamubwerera usiku wina akusinthasintha matchanelo, uku mpikisano wa achinyamata pa TV, uku nkhondo ya ku Iraq, mpaka ziwirizo zinayamba kusakanikirana m'maso mwake. Ndiye woonera TV uja ndi ife. Zala zitatu za ku Thailand zili ndi ubwino umodzi, aliyense amakweza dzanja lake, katundu sali pamutu pa mwana mmodzi. Ku Myanmar komweko mtsikana wa zaka 19, Kyal Sin, anaomberedwa ku Mandalay pa 3 March 2021 ndipo chithunzi chake chinafika pa foni za dziko lonse tsiku lomwelo. Ambiri tinachigawa, ine ndemwe. Koma ali ndi bambo ake amene anatsala ndi chipinda chopanda munthu.

Mayi_a_Mapasa
Mapasa anga ndi atsikana, ali ndi zaka 11. Mwezi watha kusukulu kwawo anatumiza fomu yopempha chilolezo chowajambula. Ndinawakhazika pansi onse awiri nkuwafunsa, wina anati eya wina anati ayi. Ndinasainira mmodzi.

Namaluwa22
Zikomo nonse, sindimayembekeza kuti zifika apa. Usiku uno magetsi anazima nde tinakhala pakhonde ndi mng'ono wanga ndikumuwerengera mayankho anu pa foni mpaka batire kutsala 4. Pa za achimwene a ku Joni wavomera kuti Boggs ndi Finnick ankamukondadi, pa voti ija akuti nayenso akuona kuti inali nyambo. Koma akuti malo ake a pamtima si muvi uja ayi. Akuti ndi pomwe mphaka wa Prim anayenda wapansi kuchokera ku 13 mpaka ku 12 kudzafuna mwini wake, Katniss nkumukalipira kuti Prim kulibe sabweranso, akumugenda ndi mapilo, kenako nkugwa pansi kulira, mphakayo osachoka. Akuti pamenepo panalibe kamera. Wanditenga buku lija kuti akawerengenso tsamba limenelo ndi tochi, ndipo wandipempha kuti Loweruka tipite ku Limbe tikaone ngati pamulu paja pangapezeke la Atwood lija.